Womanga pa mabwinja: moyo wa Mbusa Dr. Daniel Sharpe Malekebu

Chaka ndi chaka, likafika tsiku la 15 Januwale, maso a dziko lonse amalunjika ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, kumene timakumbukira Mbusa John Chilembwe. Nyimbo zimaimbidwa, nkhata za maluwa zimaikidwa, ndipo dzina la Chilembwe limamveka pa wailesi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. N'zoyenera kutero. Koma ndi angati mwa ife amene amadziwa kuti tchalitchi chachikulu chimene chaima pa Providence Industrial Mission lero si chija adamanga Chilembwe? Chake chija asilikali a boma la atsamunda adachiphulitsa mu 1915, n'kusiya mulu wa njerwa. Chimene tikuchiona lero chidamangidwa motsogozedwa ndi munthu wina, mwana wa sukulu wa Chilembwe yemweyo, amene adafika pa mabwinjapo patatha zaka 11. Munthuyo ndi Mbusa Dr. Daniel Sharpe Malekebu, Mmalawi woyamba kulandira digiri ya udokotala.

Tasankha kusinkhasinkha za moyo wa bambo ameneyu chifukwa cha funso limene timalimva kawirikawiri m'makwalala a ku Misesa, ku Bangwe, ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, makamaka mwezi ukafika pakati, ufa utatha m'thumba, eni nyumba akugogoda kufuna lendi. Anthu amafunsa kuti ngati Mulungu alidi nafe, n'chifukwa chiyani khomo lililonse limene tikugogoda likutsekeka? Ena mwa alaliki a masiku ano ali ndi yankho lachangu. Amati khomo likatsekeka ndiye kuti pali tchimo lobisika, kapena temberero la kumtundu, kapenanso chopereka chachepa. Mkhristu wovutika amachoka m'tchalitchi atasenza katundu wolemera kuposa amene adalowa naye. Moyo wa a Malekebu sugwirizana nalo yankho lotere, pakuti khomo lalikulu koposa lidawatsekekera pa nthawi imene adali pa ulendo womvera Mulungu.

A Malekebu adabadwa cha m'ma 1889 m'boma la Chiradzulu, m'banja la Chiyao, ndipo bambo awo adali mfumu. Idali nthawi imene dziko linkasintha mwini eni ake akuona. Mu 1891 Angerezi adalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chawo, minda ikuluikulu ya m'madera a Blantyre, Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu idagwa m'manja mwa azungu, ndipo posakhalitsa anthu adadziwa kuwawa kwa msonkho wa nyumba ndi thangata. Mu 1900 Chilembwe, amene adakhalapo ku Chilomoni kuno kwathu asadakumane ndi Joseph Booth, adabwerako ku America n'kutsegula mishoni yake ku Mbombwe mothandizidwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention. Mnyamata Daniel adali mmodzi mwa ana oyamba kulowa sukulu pamenepo, ndipo adabatizidwa pa mishoni pomwepo.

Mu 1901 kudafika Mbusa Landon Cheek kuchokera ku America, ndipo mu 1902 kudafikanso mayi Emma Delaney, mbadwa ya ku Florida, amene adaphunzira pa sukulu ya amayi akuda ya Spelman mumzinda wa Atlanta. Mayiyu ankaphunzitsa ana, ankaphunzitsa amayi kusoka ndi kusamala pakhomo, ndiponso adali ndi luso la unamwino. Daniel ndiye adakhala mnyamata wothandiza pakhomo pawo ndi wowamasulira chilankhulo. Tiyerekeze zimene zidachitika mumtima mwa mwanayo. M'dziko limene buku, mankhwala ndi ulamuliro zinkaoneka ngati za khungu loyera lokha, iye ankatumikira tsiku ndi tsiku munthu wa khungu ngati lake amene ankawerenga, kulemba ndi kumanga mabala. Nthawi zambiri Mulungu sayamba ndi masomphenya a usiku poitana munthu. Amangomuika pafupi ndi wina amene akuchita kale chinthucho.

Itakwana nthawi yoti mayi Delaney abwerere kwawo cha m'ma 1905, Daniel adafuna kupita nawo kukaphunzira, koma makolo ake adakana. Tisafulumire kuwaweruza makolo amenewa. Padali patangotha zaka khumi chabe chithetsereni malonda a akapolo m'dziko muno, ndipo m'midzi yonse anthu ankadziwa kuti wopita kunyanja yamchere sabwerera. Kwa iwo, mwana wokwera sitima yapamadzi adali ngati maliro opanda manda. Mnyamatayo adathawa. Sitikunena izi kuti tilimbikitse ana athu kuthawa pakhomo, ayi. Lamulo lolemekeza atate ndi amayi likadalipo. Tikungofotokoza zimene zidachitika, ndipo tikudziwa kuti chisankhocho chidali ndi mtengo wake kwa amene adatsala akulira.

Ulendo wake udali wapansi, kulunjika ku doko la Beira m'dziko limene linkalamulidwa ndi Apwitikizi. Sitima yapamtunda idali isadafike ku Blantyre, pakuti njanji idafika mu 1908, ndipo mlatho waukulu wa pa Zambezi udatsegulidwa mu 1935. Mwana wa zaka pafupifupi 16 adayenda mtunda wa makilomita mazanamazana, m'nkhalango za zilombo, pakati pa anthu a zilankhulo zachilendo. Ku Beira adapeza ntchito pa sitima yapamadzi, ndipo mwa njira imeneyo adafika ku London, kenako ku New York. Tikamaona achinyamata athu ali pa mzere pa Wenela ndi zikwama zawo, akudikira basi ya ku Johannesburg, ena opanda ngakhale adiresi ya kumene akagone, timakumbukira kuti msewu wa kusaka moyo kutali ndi kwathu sudayambe lero. Kusiyana kwake kuli pa chimene munthu wanyamula mumtima ponyamuka, ndi chimene akufuna kudzabwera nacho.

Ku America sikudali ku Kenani. Madera a kummwera kwa dzikolo, kumene Daniel adakaphunzira, adali pansi pa malamulo a tsankho: munthu wakuda adali ndi sukulu yake, chipinda chake m'sitima, khomo lake lolowera, ndipo kuphedwa kwa anthu akuda ndi magulu a anthu olusa sikudali nkhani yachilendo. Adayamba pa Selma University m'chigawo cha Alabama, n'kupita ku sukulu ina ya akuda ku Durham m'chigawo cha North Carolina, kenako adalowa Meharry Medical College mumzinda wa Nashville, sukulu imene idakhazikitsidwa mu 1876 kuti iphunzitse madokotala akuda. Apa pali chinthu chimene sitiyenera kuchilumpha. Mipingo imene inkatuma amishonale ku Mbombwe ndi kulandira ana a ku Africa sidali ya anthu olemera. Ukapolo ku America udatha mu 1865, kotero ambiri mwa opereka m'mbale za chopereka adali ana a akapolo, ena adabadwira mu ukapolo momwemo: ochapa zovala za ena, olima thonje m'minda ya eni, onyamula katundu. Timakobiri tawo tili ngati tija ta mkazi wamasiye wa pa Maliko 12. Dokotala woyamba wa dziko lino adaleredwa ndi osauka anzathu. Amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Dorika amene amasonkherana kangachepe kuti mwana wamasiye wa pa mpingo asachotsedwe sukulu chifukwa cha fizi ali pa mzere womwewo, ngakhale palibe amene adzalembe mayina awo.

Ali mkati mwa maphunziro a udokotala, kudamveka uthenga woipa kuchokera kwawo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe adaukira azungu a pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, ndipo William Jervis Livingstone adaphedwa. Boma lidabwezera mwaukali. Chilembwe adawomberedwa pa 3 Febuluwale akuthawira ku Mozambique. Atsogoleri ena, monga John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, adaphedwa atazengedwa milandu mofulumira, anthu mazana adamangidwa kapena kukwapulidwa, tchalitchi cha njerwa chimene chidangotha kumangidwa mu 1913 chidagwetsedwa, ndipo mishoni idatsekedwa. Mayi Ida, akazi a Chilembwe, adamwalira pa mliri wa chimfine wa mu 1918. Mnyamata amene adathawa kwawo kuti adzabwere kudzatumikira pa mishoni ija adatsala ngati mbalame imene mtengo wa chisa chake wagwetsedwa ili kotola udzu. M'busa amene adamubatiza adafa ngati chigawenga m'maso mwa boma, ndipo dzina lenileni la mpingo wake lidasanduka mlandu.

Komabe sadasiye sukulu. Mu 1917 adamaliza maphunziro, ndipo kuyambira pano tiyenera kuwatchula ndi ulemu wawo, Dr. Malekebu. Adaonjezera maphunziro a zachipatala ku Philadelphia ndi a Baibulo pa Moody Bible Institute ku Chicago. Pa nthawiyi njira yofewa idali yotseguka. Madokotala akuda adali ochepa ku America, ndipo munthu wa digiri yotere akadatha kutsegula chipatala chake, kugula nyumba, n'kumakumbukira Chiradzulu ngati maloto a ubwana. Ndani akadawadzudzula? Kwawo kudalibe chowadikira kupatula mabwinja ndi boma lowakayikira. Apa timakumbukira Nehemiya, amene adali ndi ntchito yabwino m'nyumba ya mfumu ku Susa, koma atamva kuti malinga a Yerusalemu adagumuka ndi zipata zake zidatenthedwa, adakhala pansi n'kulira, kusala kudya ndi kupemphera, kenako adapempha chilolezo choti apite. Kulira amalira ambiri. Opempha chilolezo chopita ku mabwinja ndiwo achepa.

Mu 1919 adakwatira mayi Flora Zeto. Mayiwa nawonso adali ndi mbiri yawo ya kupirira: adabadwira ku Congo, adatengedwa ndi amishonale ali mwana wamng'ono, ndipo adaleredwa ndi kuphunzira pa Spelman pomwe paja padaphunzira mayi Delaney. Anthu awiri ozulidwa m'nthaka ya kwawo ali ana adapangana zobwerera ku Africa limodzi. Mbiri zambiri zimawatchula mayi Flora mongodutsa, monga momwe timachitira ndi amayi abusa mpaka lero, koma sukulu ndi ntchito ya amayi pa Mbombwe zidadzaima pa mapewa awo, ndipo chitseko chilichonse chimene chidatsekekera amuna awo chidawatsekekera iwonso.

Mu 1921 banjali lidafika pa Port Herald, pamene lero timati Nsanje, chipata cholowera m'dziko la Nyasaland. Akuluakulu a boma adawakaniza kulowa. Chifukwa chake chidali chodziwikiratu: munthu wakuda wophunzira ku America, wa mpingo wa Chilembwe, wobwerera ku Chiradzulu patangotha zaka zisanu ndi chimodzi chichitikireni kuukira kuja, adali chinthu chimene boma linkachiopa koposa. Dziko lidali ndi odwala malungo, chindoko, khate ndi zilonda osawerengeka, ndipo madokotala adali ochepa, koma mwana wa dziko lomwelo wokhala ndi digiri m'manja adabwezedwa pakhomo ngati wakuba.

Tiime pano pang'ono, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Zaka pafupifupi 16 za kuyenda pansi, kutsuka m'sitima, kunyozedwa ndi kuwerenga usiku zidathera pa tebulo la kalaliki wa boma. Kuchokera ku Nsanje kukafika ku Chiradzulu ndi ulendo umene lero minibasi imautha tsiku limodzi dzuwa lisadalowe. Adali pakhomo penipeni. Kodi tinganene kuti a Malekebu adachimwa? Kodi adali ndi temberero la kumtundu? Kapena chopereka chawo chidachepa, iwo amene adapereka moyo wonse? Anzake a Yobu adali ndi nzeru zotere, ndipo kumapeto kwa bukulo Chauta adawakwiyira chifukwa sadanene zoona za Iye. Khomo la pa Port Herald lidatsekedwa ndi mantha ndi tsankho la anthu, basi. Pali mavuto ena amene timadziitanira tokha ndi ulesi, mowa kapena katapila wosaganizira, ndipo amenewo tiyenera kuwalapa. Koma pali enanso amene amatigwera chifukwa dziko ndi lokhota: fakitale yatsekedwa, mitengo ya zinthu yakwera, ntchito yapatsidwa kwa mbale wa bwana, namondwe wakokolola nyumba monga adachitira Freddy mu 2023 m'mphepete mwa phiri la Soche ndi ku Chilobwe. Kumuuza munthu wotere kuti afufuze tchimo lake n'kumuthira tsabola pa bala.

Chimene chimatigwira mtima ndi zimene adachita atabwezedwa. Sadabwerere ku America kukadandaula, ndiponso sadakhale pa malire n'kumatukwana. Adapita ku Cape Town, kumene adatumikira pa mpingo wa Shiloh Baptist, kenako adapita ku Liberia kukagwira ntchito pa sukulu ya Ricks Institute. Kumeneko sikudali kwawo, ndipo si kumene adapempherera, koma adagwira ntchito imene idali patsogolo pawo. Mneneri Yeremiya, pa mutu 29, adalembera akapolo a ku Babulo kuwalangiza kuti amange nyumba, alime minda ndi kufunira zabwino mzinda wa ukapolo wawo, m'malo momvera aneneri onama amene ankalonjeza kuti abwerera mawa lomwe. Ambiri a ife timalephera apa. Khomo limene tinkafuna likatsekeka, timakana ena onse ngati kuti ndi chipongwe. Wa digiri amakana kugulitsa kaunjika pa Limbe, wa dipuloma amakana kuphunzitsa pa sukulu ya mkaka, n'kumakhala pakhonde zaka zikupita. Kudikira kwa Mkhristu si kupinda manja. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wodekhayo amakhala ali maso.

M'zaka zomwezo, mu 1922, mayi Emma Delaney adamwalira. Atachoka kuno adakatumikira ku Liberia, kumene adayambitsa mishoni ya Suehn, ndipo adatsikira kuli chete asadaone mnyamata wawo uja ataponda pa Mbombwe. Ofesa ambiri sadya zokolola.

Tisaiwalenso amene adatsala kumudzi. Mishoni itatsekedwa, Akhristu a PIM sadathe. Ena adali m'ndende, ena adathawira ku Mozambique, ena adabalalikira m'midzi ya ku Chiradzulu ndi ku Mulanje, koma ankapempherabe mwakachetechete, opanda m'busa, opanda tchalitchi, akudziwa kuti akuyang'aniridwa. Ambiri adali Alomwe, obwera kumene, anthu a thangata amene ankaonedwa ngati apansi pa onse. Iwowa ndiwo adasunga moto pansi pa phulusa kwa zaka khumi, ndipo ndi iwo amene adapitiriza kupempha boma kuti mpingo wawo utsegulidwenso. Kutsidya kwa nyanja, Mbusa James East, mlembi wa nthambi yoona za mishoni ya National Baptist Convention, amene adatumikirapo ku South Africa ndipo ankawadziwa bwino maganizo a atsamunda, adakambirana ndi boma moleza mtima. Mutu umodzi susenza denga. Kupirira kwa a Malekebu kukadapita pachabe pakadapanda kupirira kwa anthu wamba amenewa.

Pomaliza chilolezo chidaperekedwa, ndipo mu 1926 Dr. Malekebu ndi mayi Flora adafika ku Mbombwe. Padali patatha zaka zoposa 20 kuchokera tsiku limene mnyamata uja adathawa pakhomo. Adayamba ndi zimene zidalipo: anthu ochepa, manja awo, dothi ndi madzi. Adaumba njerwa, adatsegulanso sukulu, adamanga nyumba zogona ana, ndipo imodzi mwa nyumbazo adaitcha Spelman Hall pokumbukira sukulu imene idalera mayi Delaney ndi mayi Flora. Pambuyo pake tchalitchi chatsopano cha New Jerusalem chidadzuka pafupi ndi pamene padali chakale. Buku la Ezara, pa mutu 3, limasimba kuti pamene maziko a Kachisi wachiwiri ankaikidwa, achinyamata adafuula mokondwa koma okalamba amene adaona Kachisi woyamba adalira, mpaka phokoso la chimwemwe ndi la kulira silinkasiyanitsidwa. Pa Mbombwe padali amayi amene amuna awo adanyongedwa chifukwa cha tchalitchi choyamba, ndipo ndi anthu a m'badwo womwewo amene adasenza madzi a njerwa za chachiwiri.

Ntchitoyo sidayende pa msewu wa tala. Patangotha zaka zitatu, mu 1929, chuma cha America chidagwa, ndipo oyamba kuchotsedwa ntchito kumeneko adali anthu akuda omwe aja ankasonkha ndalama za mishoni. Kuno kwathu mitengo ya fodya ndi thonje idatsika, amuna adakhamukira ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni, ndipo m'zaka za m'ma 1930 dzombe lidasakaza minda. Mpingo wa anthu osauka udayenera kuphunzira kudzidalira, kupereka chimanga, nkhuku ndi mphamvu za manja pamene ndalama padalibe. Kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa.

Padalinso mtolo wina wosaoneka ndi maso. A Malekebu ankagwira ntchito diso la boma lili pa iwo usana ndi usiku. Mawu amodzi olakwika pa guwa akadatha kutsekanso mishoni. Adasankha kuyenda mosamala, kulemekeza malamulo ndi kukhala bwino ndi a DC, ndipo sitikayika kuti alipo lero amene angawaone ngati munthu wofooka powayerekeza ndi Chilembwe. Ife sitikuona choncho. Kufera anthu ako tsiku limodzi n'kovuta, koma kuwakhalira moyo zaka 45 uli womangidwa lilime, ukumeza mawu kuti ana apitirize kuphunzira, nakonso n'kovuta mwa mtundu wake, ndipo sikuimbiridwa nyimbo. Ndiponso sadakhale chete kotheratu. Mu 1929 adayambitsa bungwe la Chiradzulu District Native Association, limodzi mwa mabungwe a mbadwa amene ankapereka madandaulo a anthu ku boma pa nkhani za malo, thangata, msonkho ndi maphunziro. Mabungwe otere ndiwo adadzabala Nyasaland African Congress mu 1944. Chilembwe ndi Malekebu adaona chilonda chimodzi. Wina adachitumbula ndi mpeni, wina adachitsuka tsiku ndi tsiku.

Chodabwitsa n'chakuti ulendo wa amuna opita ku migodi, umene udasiya midzi ili ya amayi ndi ana okhaokha, ndi umene udafalitsa mpingowo. Akhristu a PIM adanyamula chikhulupiriro chawo kupita nacho ku Mozambique, ku Rhodesia ndi ku South Africa, n'kumasonkhana m'makomboni a m'migodi ndi m'mafamu. Mu 1945 a Malekebu adalumikiza mipingo imeneyi pansi pa bungwe limodzi la National Baptist Assembly of Africa, limene pambuyo pake lidadziwika kuti African Baptist Assembly. Mpingo umene boma lidaganiza kuti laukwirira mu 1915 udamera m'maiko angapo. Pa Mbombwe padamangidwanso chipatala chimene chidatchedwa dzina la James East, munthu uja adawathandiza kutsegula khomo.

Mwa njira, ndi ochepa amene amadziwa kuti Dr. Hastings Kamuzu Banda adaphunzira pa Meharry pomwepo, ndipo adamaliza mu 1937, patatha zaka 20 a Malekebu atamaliza. Nawonso adachoka kwawo wapansi ali mnyamata. Dziko lino lidadikira mpaka 1991 kuti likhale ndi sukulu yakeyake ya madokotala, College of Medicine ya ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Wophunzira wa ku Machinjiri amene lero amakwera minibasi ziwiri kukafika m'kalasi ya udokotala akuyenda mtunda umene a Malekebu adauyenda ndi mapazi, sitima ziwiri ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Tikadakonda kuti nkhaniyi ithere pa ulemu ndi nkhata za maluwa, koma moyo weniweni suyenda choncho. A Malekebu atakalamba, mu mpingo mudabuka kusamvana pa kayendetsedwe ka zinthu ndi ka chuma, pakati pa iwo, atsogoleri ena a kuno ndi likulu la ku America. Mu 1971 adachoka pa utsogoleri, Mbusa Leonard Muocha adalowa m'malo mwawo, ndipo iwo ndi mayi Flora adapita kukakhala ku America. Si ntchito ya tsamba lino kugamula mlandu umenewo. Onse okhudzidwa adapita kale kwa Woweruza wolungama. Koma tikudziwa kuti bala lochokera m'nyumba limapweteka kuposa lochokera kunja. Pa Port Herald adawabweza ndi mlendo. Tsopano, ali ndi zaka zoposa 80, adayenera kusiya malo amene adawadzutsa pa phulusa, ndipo otsutsana nawo adali abale a mu mpingo womwewo.

Amene adachotsedwapo pa udindo mu mpingo umene adaumanga, amayi amene adalera ana a abale awo n'kudzanenedwa kuti ndi mfiti atakalamba, abambo amene adalandidwa nyumba ndi ana awo omwe, akudziwa kulemera kwa chikho chimenechi. Mtumwi Paulo nayenso, m'kalata yake yachiwiri kwa Timoteo, akuoneka ali m'ndende, wokalamba, akumva kuzizira, akupempha chofunda ndi mabuku ake, akutchula anzake amene adamusiya. Baibulo silidabise zimenezi, ndipo silidanene kuti Paulo adasowa chikhulupiriro. Tili ndi chizolowezi choyesa kukhulupirika kwa munthu ndi mathero ake ooneka ndi maso: kukula kwa maliro, kuchuluka kwa magalimoto opita ku manda a ku Misesa kapena a ku HHI, kutalika kwa mawu a oimira boma. Muyeso umenewo ukadagwiritsidwa ntchito pa aneneri ndi atumwi, ochepa okha ndiwo akadapambana.

Mayi Flora adamwalira mu 1977, patatha zaka 58 za banja limene lidayenda ku Atlanta, Nsanje, Cape Town, Liberia ndi Mbombwe. Nkhalambayo, itatsala yokha, idachitanso chimene idachita mu 1921 ndi mu 1926: idanyamuka ulendo wobwerera kwawo. Akhristu amene adakhalabe kumbali yawo adasonkhana pansi pa dzina la Independent Baptist Convention. Nthawi ino padalibe kalaliki wa atsamunda wowabweza pa malire. Dr. Daniel Sharpe Malekebu adamwalira m'dziko la Malawi pa 8 Okutobala 1978, ali ndi zaka pafupifupi 89.